Lamlungu Limene a Kolini Anasowa Mawu

Achibale anga amati ntchito ya ku Nairobi ndinaitaya chifukwa cha makani. Anene, pakamwa ndi pawo. Makaniwo ndili nawodi, sindikana, ndipo ndikapsa mtima ndimayankhula mpaka malovu kuuma. Koma mwa onse amene amandinenawo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhalapo pakampando kanga kaja, kuseri kwa kamera, maso ali pa dzina la munthu amene dzulo lake lomwelo anadya m'mbale yanga.

Ku Kenya sindinapite ndi digiri ngati Amalawi anzathu a m'maofesi aja. Ine ndinapita ndi matewera. Banja lina la ku Lilongwe linanditenga kuti ndizikalera khanda lawo, bambo a m'nyumbamo atapeza ntchito kubungwe lina lalikulu kumeneko. Ukwati wanga unali utatha, ndipo ana anga awiri ndinawasiya m'manja mwa amayi ku Dedza. Tsiku lonyamuka amayi analira, ana analira, koma achimwene anga anangondikokera pambali n'kunena kuti, "Ukakakhuta kumeneko uzikakumbuka kuti kuno denga likudontha." Madalitso awo anali amenewo.

Khanda lija litayamba sukulu, abwana anawasamutsira ku Ulaya. Anandifunsa ngati andigulire tikiti yobwerera kumudzi. Kubwerera ndi chiyani, chikwama cha zovala zakutha? Ndinakana. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu m'dera la South B, kumene Amalawi tinkakumana Lamlungu lililonse, anandipezera ntchito yokolopa pa wailesi ina ya kanema, yomwe inkaoneka m'mayiko ambiri a mu Afirika kwa aliyense wokhala ndi dishi. Amayi ena a magalimoto akuluakulu pa tchalitchipo atamva kuti ndikukolopa, moni wawo unafupika. Ine ndinkakhalabe pabenchi yakutsogolo, ndipo nyimbo ndinkaiyambitsa ndine.

Ndinapeza kachipinda ku Buruburu, kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo tinkagawana ndi Akinyi, mayi wogulitsa kaunjika pamsika. Bedi lake uko, langa uku, pakati chingwe cha zovala. Akinyi ndiye anandiphunzitsa Chiswahili chokwerera matatu, maminibasi awo aphokoso aja, ndi chokanganirana mitengo ndi ogulitsa. Ankaseka nsima yanga kuti ndi phala la odwala, ine n'kumamuuza kuti ugali wake, nsima yawo yolimba ija, utauponya ukhoza kugumula khoma. Tinkanyozana choncho kenako n'kudyera mbale imodzi. Nditadwala chibayo nyengo yozizira, ndi iyeyo anatseka benchi yake pamsika n'kumandisambitsa ngati mwana. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kumudzi pafoni. Denga linakhomedwa malata, ana analowa sekondale, ndipo ndinazindikira kuti achibale amandisowa kwambiri mwezi ukamapita kumapeto.

Pawailesipo ndi pamene ndinadziwana ndi a Kolini. Anali mzungu wa ku Mangalande, wamtali, tsitsi loyera mbee, mawu awo ngati akutuluka mumgolo. Ankawerenga nkhani zamasewera, ndipo Lamlungu madzulo anali ndi pologalamu yawoyawo yoonetsa zigoli za mlungu umenewo. Mbiri yawo sitinkachita kufunsa, ankaikamba okha akamamwa tiyi. Bambo awo ankanyamula katundu kudoko. Iwo anayambira pa kawailesi kakang'ono ka m'tauni yakwawo, kuwerenga zotsatira za mpira Loweruka. Kenako anawaitana ku London, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankauza dziko lawo lonse madzulo aliwonse za nkhondo, zisankho ndi madzi osefukira. Atatopa ndi nkhondo anabwerera ku masewera, n'kuzungulira mabwalo a mayiko osawerengeka. Kuzungulirako kunawadyera banja, mkazi anawasiya, ana anakula akuwaonera pa kanema ngati wina aliyense. Tsitsi litayera, mabwana anayamba kuwakankhira ku mapologalamu a m'mamawa amene anthu saonera, mapeto ake anawadulira keke n'kuwaombera m'manja.

"Ankafuna ndizikathirira maluwa kunyumba," ankatero m'Chizungu chawo chija. "Ine? Ndinakwera ndege kubwera kuno."

Apo pokha ndinkawamvetsa, chifukwa nanenso ndinakana kubwezedwa.

Chonyadira chawo chinali chimodzi: chiyambireni ntchito sanakhalepo chete pamaso pa kamera. Getsi linaphulikapo pamutu pawo, iwo anapitiriza kuwerenga. Tsiku limene bambo awo anamwalira, uthenga anaumva pafoni atakhala kale pampando, ndipo anawerenga nkhani zonse mpaka zanyengo. Ankazinena atatukumula chifuwa. Ine ndinkangoti mumtima, koma abale, munthu ameneyu analibe ngakhale mmodzi womugwira paphewa?

Tsono anthu oonera kanema amaganiza kuti owerenga nkhani amaloweza zonse pamtima. Bodza! Kutsogolo kwa kamera kumakhala galasi, ndipo mawu amayenda pagalasipo kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Inu kunyumba simuona kanthu, mumangoona munthu akukuyang'anani m'maso. Makinawo amawatcha otokyu, ndipo kuseri kumakhala munthu wopukusa kagudumu kuti mawuwo aziyenda. Ukathamangitsa, wowerenga amapuma wefuwefu. Ukachedwetsa, amakhala ngati wachibwibwi. Mwamuna amene ankagwira ntchitoyi ankapukusa maso ali pafoni, ndipo a Kolini ankamukalipira tsiku ndi tsiku. Tsiku lina mvula inatseka misewu, mwamunayo sanafike. Ine ndinali pakona ndi chokolopera changa. Sukulu ndinafika Fomu 4, Chizungu ndimawerenga, ndipo makinawo ndinali nditawaonerera mokwanira. Ndinatsamiritsa chokolopera pakhoma n'kunena kuti ndiyese.

Wanjiru, mayi wa ku Kenya komweko amene ankayendetsa pologalamu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku majombo. "Mama Malawi, utaweza?" Ndiko kuti, ukwanitsa? Onse pamenepo ankanditchula Mama Malawi.

"Ndikalephera mundibwezere chokolopera changa," ndinatero.

Sichinabwererenso m'manja mwanga. Ntchito ija ndi yomvera mpweya wa munthu, ndipo a Kolini akafuna kupuma ndinkadziwira paphewa lawo lamanzere, linkatsika pang'ono. Kampani inandikonzera mapepala okhalira m'dzikomo, omangidwa pa ntchito imeneyo. A Kolini anafika pokana kuwerenga ngati pakampando paja pali munthu wina. Ankauza alendo kuti, "Ine ndine galimoto chabe, woyendetsa ndi uyo." Tinkakangananso ndithu. Akandikalipira ndinkabweza, ojambula n'kumabisala kuseri kwa makamera kuseka, chifukwa panalibe wina ankawayankha mkulu ameneyu.

Fatsani ndinakumana naye kutchalitchi komwe kuja. Anabwera ndi ophunzira a kwathu okhala m'dera la Kahawa, wamfupi, wa miyendo yamatewe, wosatha kukhala phee. Kwawo kunali ku Ntchisi, ndipo timu ina ya mpira ya mu Nairobi inamugula kuti azisewera kutsogolo. Atamva kuti ndimasunga ufa woyera ndi usipa wochokera kumudzi, basi, ndinapeza m'bale wosamupempha. Loweruka lililonse timu yake ikapanda kusewera ankatulukira ku Buruburu.

"Odi, azakhali! Sukuma wandimaliza ine, mundipulumutse." Ankanena masamba awo aja amene amadya m'mawa ndi madzulo omwe.

"Iwe, ukuyesa pano ndi pa lesitilanti? Kasambe m'manja uko."

Malipiro ake oyamba sanagulire foni kapena nsapato. Anagulira amayi ake kanema, dishi ndi sola. Mayiwo anali amasiye, ndipo BP inawagwetsapo kamodzi n'kuwasiya mkono ndi mwendo wakumanzere zili zofooka. Kumunda sankapitanso. Chimene ankadikira mlungu wonse chinali Lamlungu madzulo, pologalamu ya a Kolini. Ankasamba, kuvala chitenje chabwino, n'kukhala pampando kutsogolo kwa kanema, tiana ta m'mudzi titadzaza pansi. Chizungu sankamva, koma dzina la mwana wawo ankalimva ngakhale lilime la mzungu litalikhotetsa bwanji. Mayiwo ankatchula a Kolini kuti "mzungu wa Fatsani." Ndinayankhula nawo kangapo pafoni ya mwana wawoyo, ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: "Mayi, mundisungire mwanayo, kumeneko mayi ake ndinu."

A Kolini nawonso ankamukonda. Atagoletsa pa masewera ena akuluakulu anamuitana mu situdiyo, ndipo nditawanong'oneza za mayi aja, anamuuza kuti apereke moni kumudzi m'chinenero chake. Fatsani anayang'ana kamera n'kunena kuti, "Amayi, ndi ine, ndikudya bwino, musadandaule." Akuti ku Ntchisi kunali nthungululu mpaka agalu kuuwa. Ndikunena zimenezi kuti musaganize kuti a Kolini anali munthu wouma mtima. Sanali.

Lamlungu lake lija ndinali m'tchalitchi pamene foni inayamba kunjenjemera m'chikwama. Ndinaisiya, inanjenjemeranso. Nditatuluka panja ndinapeza kuti ndi mmodzi wa ophunzira a ku Kahawa aja, akulira moti mawu sankamveka. Fatsani anagwa pabwalo m'mawa umenewo akuchita zokonzekera ndi anzake. Palibe anamugunda, anangogwira pachifuwa n'kukhala pansi. Pofika naye kuchipatala anali atatisiya kale. Ndinathamangira komweko, ndinamuona, ndinamugwira phazi, linali litazizira. Mayo ine! Dzulo lake lomwelo anandisiyira mbale zosatsuka, ndipo ndinamukalipira mpaka pageti.

Kulira ndinalira, koma maliro akutali salola munthu kulira nthawi yaitali. Ndinaimbira amalume ake, a Gwaza, amene ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. A timu anali atawaimbira kale.

"Mayi, ndanyamuka, ndili pasiteji," anatero. "Ndidzera ku Lilongwe kukatenga mlongo wake wa malemu, kumudzi tikafika mawa m'mawa. Akuluakulu a kumudzi ndawauza, koma palibe atsegule pakamwa ine mwini mbumba ndisanafike. Wailesi ya m'nyumba aichotsa mabatire mwakachetechete. Mukudziwa mmene alili alongo anga. Akamva mwachisawawa, tikumba manda awiri."

"Nanga kanema uja, bambo? Lero ndi Lamlungu."

Anati ayesa. Patapita kanthawi anandiimbiranso. Anatuma mayi wina woyandikana nawo kuti akawatenge amayi a Fatsani, ati kukaona wodwala kutsidya, koma iwo anakana kwamtuwagalu. Lamlungu madzulo sachoka pakhomo ngakhale kutabwera a bishopu. Kukazimitsa kanemayo kukanakhala kuwauza kumene, ndipo ndi sola sunganamizire kuti magetsi athima. Mudzi wonse unali ukudziwa, anthu akudutsa pakhomopo maso ali pansi, mayiwo akutenthetsa madzi osamba kuti aonere mwana wawo.

Kwathu uthenga wa maliro sitimachita kuponya ngati mwala. Amabwera nawo anthu, ndi miyendo yawo, n'kukukhazika pansi amayi anzako atakuzungulira. Zimenezi ngakhale mwana wa pulayimale amazidziwa.

Nditafika kuntchito ndinatsegula makina anga kuti ndione mawu a tsikulo. Nkhani yoyamba inali yomweyo. Dzina lake lonse, boma lakwawo, ndipo Wanjiru anali atakonza chithunzi chake chachikulu akumwetulira, chozunguliridwa ndi mzere wakuda, choti chituluke a Kolini akangotchula dzinalo.

Ndinawapeza a Kolini akupakidwa paudala kumaso. Maso awo anali ofiira.

"Pole, Mama Malawi," anandipepesa. "Mawuwo ndalemba ndekha. Ndikufuna timulemekeze bwino."

"Musawerenge lero, bambo. Amayi ake sanamve."

"A timu atitsimikizira kuti banja lauzidwa. Ine sinditchula dzina la womwalira banja lisanamve, limenelo ndi lamulo langa kuyambira ku London."

"Auza amalume ake pafoni. Amalumewo ali m'minibasi. Amayi ake panopa akusamba kuti akuonereni inuyo."

"Ndiye awaimbire foni. Nthawi ikadalipo."

"Foni! Mayi wodwala BP, ali yekha m'nyumba ndi tiana, mumuuze pafoni kuti mwana wako wafa?"

Wanjiru analowererapo. Anati nkhaniyo ili kale pamafoni a anthu ndi pa mawailesi a mu Nairobi, ndipo ife tikakhala chete tioneka ngati osadziwa ntchito, kapena ngati wosewera wa ku Malawi sitimuwerengera. Akuluakulu a kampani anali atalamula kale kuti ikhale yoyamba. Ndinawauza kuti mayiwo alibe foni ya intaneti, mawailesi a mu Nairobi safika ku Ntchisi, ndipo khomo lokhalo limene imfa ingalowere m'nyumba mwawo madzulo amenewo ndi pakamwa pa a Kolini. Ndinati sindikupempha kuti abise, ndikungopempha kuti adikire kuche. Ndinachonderera, ine wosachonderera munthu. Ndinagwada pa matailosi omwe aja ndinkakolopa kale.

A Kolini anandidzutsa ndi manja awo. "Chisoni chanu ndikuchimva. Koma nkhani sidikira minibasi. Ine za bambo anga ndinamva pafoni, ndipo ndinapirira."

"Munapirira chifukwa panalibe wokugwirani," ndinawayankha. "Musayese kuti n'chamuna chimenecho."

Nkhope yawo inafiira mpaka kuonekera pa paudala. Anangopita kukakhala pampando wawo.

Ndinaganiza zongonyamula chikwama n'kutuluka, koma akanaika wina pakagudumu. Choncho ndinakhala pamalo panga n'kuvala zomverera. Magetsi anayaka, nyimbo yotsegulira inalira, Wanjiru anatiuza m'makutu kuchokera m'chipinda chake cha magalasi kuti tayamba. Ndinapukusa moni, a Kolini anapereka moni. Pakati pa moni ndi nkhani yoyamba pamakhala kampata kopanda mawu. Nditafika pakampata pamenepo ndinachotsa dzanja langa n'kupinda manja pachifuwa.

Galasi linangoti bii.

"Mama Malawi, sogeza! Sogeza!" Wanjiru anakuwa m'khutu mwanga kuti ndiyendetse. Ndinavula zomverera zija n'kuziika pamiyendo.

Musaganize kuti a Kolini ndinawamanga manja. Pepala la nkhaniyo linali patebulo pawo, ndipo mawuwo analemba okha, akanatha kuwanena ali mtulo. Akanangotchula dzina, chithunzi chikanatuluka, ndipo ku Ntchisi kukanatha. Zimenezo ndinkazidziwa. Anayang'ana galasi, kenako anachita chimene wowerenga nkhani sachita, anachotsa maso pa kamera n'kuyang'ana ine. Ine ndinawayang'ananso osaphethira. Misozi inkatsika koma sindinaipukute. Mumtima ndinkati, ngati mukufuna kupha mayi ameneyu mumuphe nokha, dzanja langa lisakhalepo.

Anatsegula pakamwa, anatsekanso. Anagwira pepala lija, analikweza pang'ono. Mu situdiyo munali zii, moti ndinkamva kulira kwa magetsi. Ojambula anayang'anizana. Aliyense wokhala ndi dishi anaona mkulu wa tsitsi loyera atangoti kakasi ngati mwana woiwala vesi ku Sande sukulu. Kenako anatembenuza pepalalo kuti mawu ayang'ane pansi, anatsokomola, n'kunena kuti, "Tiyambe ndi zigoli za dzulo." Wanjiru analibe kuchitira mwina, anatulutsa zigolizo. Ndinabwezera dzanja pakagudumu, ndinalumphitsa nkhani ija, ndipo tinamaliza pologalamu yonse dzina la Fatsani osatchulidwa.

Titangotseka, Wanjiru ananditukwana m'Chiswahili, m'Chizungu, ndi m'chinenero chakwawo chimene sindinkamva. Koma m'mawa mwake, tisanalowe kwa bwana wamkulu, anandikokera pakona.

"Ukanene kuti makina anaima okha. Amatero nthawi zina. Ine ndikuikira umboni, a Kolini avomera. Ukapanda kutero ntchito yatha, ndipo mapepala ako apita nayo limodzi."

Ankandifunira zabwino mayi ameneyu, ndipo ndimamuthokoza mpaka lero. Koma ndikanati makina, ndiye kuti tsiku lina mwana wa munthu wina akadzafa, adzangoitana wokonza makina n'kuwerenga dzina. Bwana atandifunsa chimene chinachitika ndinati, "Makina anu ali bwinobwino. Ndinachotsa dzanja ndine." Anandifunsa ngati ndikupepesa. Ndinati ndikupepesa kuti a Kolini achita manyazi, koma zitabweranso ndikhoza kuchotsanso. Anati wailesi singasunge munthu wosankha yekha nkhani zoti ziwerengedwe. Pamenepo sananame, ndipo sindinatsutse.

A Kolini ananditsatira mpaka pageti.

"Moyo wanga wonse sindinakhalepo chete," anatero. "Mwandisandutsa choseketsa. Anzanga a ku London akutumizirana kakanemako, akuti ndakalamba."

"Pepala linali patebulo panu, bambo. Munalekeranji kuwerenga?"

Anayang'ana magalimoto mumsewu nthawi yaitali. "Sindikudziwa," anatero. "Mukanangonena kuti ndi makina. Mwa anthu onse amene ndagwira nawo ntchito, wamakani woyamba ndinu."

"Wachiwiri," ndinatero. "Woyamba mumamuona pagalasi mukamameta ndevu."

Anaseka pang'ono, koma sanabwerere kwa bwana kukandimenyera nkhondo, ndipo ine sindinawapemphe. Lamlungu lotsatira anawerenga mawu aja, wina akuwapukusira. Ndinaonera ndi Akinyi pa kakanema kake. Anamulira bwino mwanayo, ndisaname, mawu mpaka kunjenjemera. Ndinamva kuti anakhalakobe ku Nairobi zaka zingapo, kenako anabwerera kwawo, ndipo akuti amaulutsa mpira wa matimu ang'onoang'ono pa wailesi ya m'tauni mwawo. Sindiwada, komanso sindiwaika kumwamba.

Amalawi a mu Nairobi tinasonkhana ku South B, a m'maofesi ndi ophunzira omwe, Akhristu ndi Asilamu. Tinaimba, tinasonkha, thupi linakwera ndege. Ine ndinatsala kulongedza, chifukwa popanda mapepala Nairobi sakudziwa ngakhale utakhalamo zaka zingati. Akinyi anandiperekeza kukakwera basi, anandiveka jekete la pa kaunjika wake, n'kundiuza kuti kumudziko ndikaphunzire kuphika. Tinalira ngati ana, anthu akutiyang'ana.

Kumudzi ndinapeza amayi atakalamba, ana anga atatalika kundiposa, akundipatsa moni ngati mlendo wochokera kuboma. Achimwene, amene ankandiimbira mwezi ndi mwezi, atamva nkhani yonse anaomba m'manja.

"Asa! Ntchito ya pa kanema, kutayira mwana wa eni? Wa ku Ntchisi? Ndi m'bale wako ameneyo?"

Ndinawauza kuti ngati akufuna kukhala pansi pa malata anga akhale mwakachetechete. Panopa ndimagulitsa kaunjika pa Dedza boma, luso la Akinyi, ndipo pali masiku amene ndimaweruka osagulitsa ngakhale sokosi. Masiku oterowo mtima umawawa, sindibisa.

Anthu atakolola ndinakwera minibasi kupita ku Ntchisi kukapepesa, poti tsiku loika maliro ine kunalibe. Amayi a Fatsani ndinawapeza pakhonde, ndodo ili pambali, ataonda koma ali moyo. Atangomva odi wanga anandizindikira ndisanatchule dzina. Tinalira, tinatonthola, anandifunsa ngati mwana wawo ankadya bwino. Ndinati ankadya za anthu atatu. Anaseka misozi ili m'masaya. Za ntchito yanga sankadziwa, ankangoti ndinkagwira kwa azungu, ndipo ine ndinazisiya choncho.

Kanema uja anali m'nyumba atamufunditsa chitenje. Ataona kuti ndikumuyang'ana kudzera pakhomo anayamba kukamba okha.

"Lamlungu lomaliza lija ndinaonera, mayi. Mzungu wa Fatsani anasokonezeka tsiku limenelo, anangoti kukamwa yasa. Ndinaseka mpaka kutsokomola, ndinati wakalamba mnzangayu. Mwana wanga sanamuonetse, ndinati kaya mlungu wamawa. Ndinadya, ndinagona tulo tabwinobwino. M'mawa ndikungoona achimwene akulowa ndi mwana wanga wamkazi, amayi a m'mudzi ali pambuyo. Anayala mphasa, anandikhazika pansi, wina anandigwira mkono uwu, wina uwu, wina anakhala kumsana. Ndiye achimwene anayankhula."

Anasisita mkono wawo wofooka uja.

"Kugwa ndinagwa, mayi. Koma ndinagwera m'manja mwa anthu."